Kalata ya kwa Amalume ku Thorngrove: Za Mapedulo Ogwira Phazi

Randburg, Johannesburg

Amalume anga olemekezeka,

Ndagwira cholembera madzulo ano, ntchito ya m'munda wa bwana itatha, kuti choyamba ndimve za moyo wanu, wa azakhali ndi wa ana onse pa Thorngrove. Kunena ine, Chauta wandisunga, ndipo chodandaula ndilibe, kupatula chisanu cha mwezi wa June chimene kuno chimalowa m'mafupa chopanda odi.

Mphekesera yandipeza, yodza ndi malayitsha amene amatiwolotsera katundu pa Beitbridge, yakuti munapukusa mutu mutamasula katundu wa mwezi watha ndi kupezamo shuga ndi sopo koma mafuta ophikira mulibe, ndi kuti wina, amene ndikumdziwa ngakhale sindimtchula, anakunong'onezani kuti mwana wa mlongo wanu wayamba kugula zitsulo zodzimangira mapazi panjinga. Popeza inu mwakhala mukukonza njinga pansi pa mtengo uja wa kufupi ndi Khami Road kuyambira masiku amene amuna a ku Makokoba ndi ku Sizinda ankapita ku mafakitale a ku Belmont ndi ku njanji pa ma Humber ndi ma Raleigh, palibe woweruza wina woyenera mlandu umenewu koma inu nomwe, ndipo ndipempha kuti mundimve mpaka ndithe.

Mudziwa kale kuti bwana, atagula njinga yatsopano, anandisiyira yakale ya m'mapiri pamodzi ndi nsapato zake, ndi kuti Loweruka ndimatsata kanjira ka m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit, kuchokera ku Emmarentia kudutsa pa Delta Park, m'mene anthu olemera, atasiya magalimoto abwinobwino pakhomo, amadzizunza dala m'miyala ndi m'mizu ya mitengo. Agogo, amene anafika ku Bulawayo kuchokera ku Dedza mapazi atang'ambika, akadaona zimenezi akadati dziko latembenuka. Koma kuno si nkhani yamasewera: mpikisano wa Cape Epic, umene unayamba mu 2004, umatenga masiku 8, anthu akupalasa awiriawiri, ndipo mnyamata wa dziko lino, Alan Hatherly, anatenga mendulo ya malo achitatu pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, nakhalanso katswiri wa dziko lonse lapansi chaka chomwecho.

Onsewa sapalasa monga timapalasira ife. Kunsi kwa nsapato amamangako kachitsulo, kamene amakatcha cleat, ndi timabawuti tiwiri. Ukaponda pa pedulo kachitsuloko kamalowa m'kamwa mwa sipuling'i ndi kulira kuti khethe, ndipo kuyambira pamenepo munthu ndi njinga ali thupi limodzi, kufikira atapotoza chidendene kunja. Nzeru imeneyi anayamba kuitchukitsa ndi a kampani ya Look ya ku France mu 1984, ataitenga ku zomangira nsapato za otsetsereka pa chipale, ndipo Bernard Hinault atapambana nayo Tour de France mu 1985 otsutsa anakhala chete. Ya m'mapiri, yotchedwa SPD, anaitulutsa a Shimano mu 1990. Phindu lake n'lakuti phazi silidumpha njinga ikagunda mwala, ndipo pachitunda mwendo sutaya mphamvu pofunafuna popondera.

Tsono mapedulo amene ndinalandira pamodzi ndi njingayo anali atakalamba, ndipo ukalamba wawo unali wa mtundu woipa: pachitunda, pamene ufuna akugwire, ankakutaya, poima, pamene ufuna akumasule, ankakukakamira. Amene anatsimikiza kuti nthawi yawo yakwana ndi dikoni wina wa kumpingo kwathu kuno, munthu wa thupi ndi waulemu wake, amene anabwereka njingayo, naumiriranso kubwereka nsapato, ngakhale ndinamchenjeza kuti aphunzire kaye atagwira khoma. Anati iye anayamba kupalasa ine ndisanabadwe. Atafika pa maloboti, nyali yofiira itayaka, anagwira mabuleki mwaulemu, njinga inaima, koma mapazi anakana kutsika; ndipo pamaso pa matakisi odzaza ndi amayi ogulitsa zipatso, mkulu uja anapendekeka pang'onopang'ono, maso ali kumwamba, nagona chammbali njinga ili pakati pa miyendo, mapazi ali m'zigologolo monga Paulo ndi Sila, koma chivomezi chom'masula osabwera. Anam'masula ndi mnyamata wogulitsa nyuzipepala, pom'vula nsapato, ndipo anafika kwanga ndi sokosi zokha. Safunsa anadya phula. Sanavulale, koma ku chipinda cha akulu a mpingo nkhani ya njinga sitiitchulanso.

Ndinapita tsono ku sitolo ina ya njinga, kumene mnyamata wa lilime lotsetsereka anandiyalira mitundu itatu, ndipo pano, amalume, ndipempha mutchere khutu la mmisiri. Woyamba ndi wa a Crankbrothers, wotchedwa Eggbeater, umene maonekedwe ake ndi a kamtengo kaja azakhali amapukusira therere: ulibe popondera pooneka, phazi limalowa mbali zinayi zonse, ndipo matope sakhalamo, amangogwa. Koma cleat yake ndi ya mkuwa, wofewa dala kuti ithe iyo pedulo isathe, kutanthauza kuti munthu amabwerera ku sitolo kawirikawiri. Ndiponso sipuling'i yake simungaimange kapena kuimasula, mungosankha ngati phazi lituluke mutapotoza madigiri 15 kapena 20, malinga ndi nsapato imene mwamangako cleat iliyonse. Chikomekome cha mkuyu. Wachiwiri ndi wa a Time, wotchedwa ATAC, umene okwera a mawondo odwala amautamanda chifukwa umalola phazi kusewera pang'ono uku ndi uku, ndipo m'matope nawonso suchita manyazi. Ndinaulemekeza, koma cleat yake simuipeza m'thumba la munthu aliyense, ndipo mlendo wanzeru sagula chinthu chimene akachitaya kutchire sipapezeka wom'bwereka.

Wachitatu ndiwo wa Shimano, umene cleat yake ndi yachitsulo ndipo uli ndi kabawuti komanga ndi aleni kiyi wa mamilimita 3, kotero kuti wophunzira amamasula kuti phazi lituluke msanga, ndipo wozolowera amamanga. M'matope olimba umatha kutseka pakamwa mpaka uugogode ndi nsapato, koma kuno mvula ndi ya nyengo yotentha yokha, ndipo kwanuko, kumene mipopi imauma masiku ambiri, matope ndi mlendo. Apa mpamene mnyamata uja anayesa kundikweza phiri lalitali ndi kundionetsa ulemerero wa dziko. Anati M520, wotsika mtengo, awiri amalemera magalamu 380. XT amalemera 342. Koma XTR, amene akatswiri amakwera, amalemera 310 okha, ndipo mtengo wake uposa katatu wa M520. Ndinawerenga m'mutu ndi kupeza kuti akundigulitsa magalamu 70, ine amene ndisanakwere njinga ndimadya mitanda ya nsima imene umodzi wokha uposa kulemera kumeneko. Ndinam'funsa ngati sikungakhale kotchipa kuti ndingosiya mtanda umodzi m'mbale, ndipo anaseka kuseka kwa munthu amene waona kuti malonda athawa.

Anayesanso njira ina, nandionetsa M324, amene mbali imodzi amagwira cleat ndipo mbali ina ndi yafulati, kuti ndi nsapato ya kutchalitchi yomwe munthu akhoza kupalasa. Ndinatsala pang'ono kukopeka, koma ndinakumbukira kuti mapanga awiri avumbwitsa: pamiyala, pamene phazi lifuna kulowa msanga, umapeza mbali yafulati ikukuyang'ana. Ndipo pali china chimene sindinamuuze, chimene ndikuuzani inu nokha. Kuyambira tsiku limene dikoni anagona pa maloboti, palibe mbale, mlamu kapena mnzanga wa kumudzi amene wabweranso kudzabwereka njinga yanga, pamene kale inkagona kunja ngati mwana wosamva. Kodi ndikanagula bwanji ndi ndalama zanga pedulo yowaitananso? Ndinatenga M520, wogwira mbali zonse ziwiri, ndi cleat yakuda ya SH51, imene imamasula pokhapokha mutapotoza chidendene. Ya SH56, imene imamasulanso mukakokera phazi m'mwamba mopendeketsa, ndinaisiyira amantha. Mafuta ophikira anapita kumeneko, ndipo mwezi uno akubwera awiri.

Pa Khirisimasi, Mulungu akalola, ndidzafika ndi njingayo kuti ndikayese miyala ya ku Matobo, ndipo popeza malayitsha amafuna kuti ndichotse mapedulo poikweza, adzafika ali m'thumba la jekete. Ndipempha chinthu chimodzi: mudzawamange ndinu, ndi sipanala yanu ya 15 ndi girizi pang'ono, osati anyamata aja mumawaphunzitsa ntchito, amene mpaka lero sakhulupirira kuti pedulo ya kumanzere imamangidwa mobwerera ndipo yankho lawo pa chilichonse ndi hamala. Ndipo akafunsa kuti ayese kukwera, aloleni, koma muyambe mwaitana azakhali ndi anansi onse, ndi kuyala matiresi pabwalo.

Perekani moni kwa onse a pa mpingo ndi kwa achikulire a ku Sizinda.

Ine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni