Momwe mungawerengere maola awiri osatolapo kanthu

Wophunzira amene akufuna kutsegula buku madzulo onse n'kudzuka m'mutu mulibe kanthu atsatire izi mwandondomeko.

Choyamba, foni ikhale pambali pa buku. Ngakhale isalire, ntchito yake igwirabe. Mu 2017 Adrian Ward wa ku University of Texas at Austin ndi anzake anapeza kuti ophunzira amene foni inali patebulo sanakhoze bwino mayeso a kukumbukira ndi kuganiza poyerekeza ndi amene anaisiya m'chipinda china. Choncho musaisiye kutali.

Chachiwiri, gulani bandulo musanakhale pansi, ndipo magulu onse a WhatsApp azilira: la banja, la kwaya, la anzanu a m'kalasi. Uthenga ukalowa, siyani chiganizo pakati n'kuyankha. Gloria Mark wa ku University of California, Irvine anapeza kuti mu 2004 munthu ankakhazikika pa chinthu chimodzi pakompyuta masekondi 150, koma m'zaka zaposachedwa ndi 47 okha. Inu yesetsani kutsika kuposa pamenepo.

Chachitatu, mukakumana ndi mawu ovuta musawalembe papepala kuti mudzafufuze pomaliza. Afufuzeni pafoni nthawi yomweyo, ndipo pobwerera mudzere pa TikTok ndi Facebook. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chachinayi, musakhazike mtima pansi musanayambe. Ena amayamba akhala phee mphindi zisanu, msana utawongoka, n'kumamvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Maganizo akathawira ku ngongole kapena ku mpira, amawabweza mofatsa, ndipo kubweza kumeneko n'komwe kumaphunzitsa mutu kukhazikika pa tsamba. Inu mukayesa, maganizo akangothawa kamodzi, dzikalipireni, nenani kuti "si zanga izi", n'kutenga foni.

Chachisanu, musatseke buku n'kudzifotokozera nokha zomwe mwawerenga. Werengani kuchuluka kwa masamba omwe maso adutsamo, mukhutire nako.

Phindu la zonsezi lidzaoneka m'chipinda cha mayeso a MSCE, momwe foni siloledwa. Funso mudzalizindikira, tsamba lake mudzalikumbuka, ngakhale chithunzi chomwe chili pakona, koma yankho silidzabwera, chifukwa tsiku lomwe munkawerenga tsambalo maganizo anu anali kwina.