Amalume odziwa zonse akwera phiri la Zomba

Kwathu ku Chiradzulu malume saloledwa kunena kuti sakudziwa. Iyeyo ndiye mwinimbumba. Banja la mwana wa mlongo wake likagwedezeka amathamangira kwa iye, malire a munda akavuta ndi iye amakaloza pamene panali mtengo wa mpoza, ndipo fizi ikasowa ana amadziwa khomo logogoda. Ine udindo umenewu ndinaulandira ndi manja awiri, koma m'kupita kwa zaka unandikwera kumutu, moti ndinafika pokhulupirira kuti palibe funso pansi pa thambo limene lingandisowetse chonena.

Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu wofatsa wa ku Namitambo, ndipo akhala ku Durban zaka zambiri. Pa Khirisimasi anabwera kumudzi ndi ana awo awiri, mtsikana wa ku sekondale ndi kamnyamata kamene Chichewa chake chimafuna womasulira. Madzulo ena tikudya mango pakhonde, alamu anayamba kusimba za maulendo a kumeneko. Akuti umangolipira, basi imakutenga m'mawa, munthu amaima kutsogolo ndi maikolofoni n'kumakufotokozera nyumba zakale za m'mbali mwa nyanja, kenako amakutengerani ku mathithi a Howick, madzulo n'kukutulani pamene anakutengani. Ana ankavomereza ndi mitu. Ine zinandiwawa. Munthu wakula ndi nandolo ndi kalongonda, lero azitamanda mathithi a eni ake pakhonde panga?

"Alamu," ndinatero, "zonsezo ziliko konkuno. Tauni yakale ndi Zomba, mathithi ali pamwamba pa phiri, nyanja nayo muiona. Za gaidi musavutike, ndili pano ine."

Zomba amene ndinkamudziwa ine anali wa pa depoti, mumsika, ndi ku chipatala chachikulu kumene ndinakazondako wodwala. Kuphiri ndinakwerako ndili ku pulayimale, pa lole, ndipo chimene ndimakumbukira n'choti m'makhota muja ndinachita chizungulire n'kugona pa matumba mpaka pobwerera. Zimenezi sindinauze munthu. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kwa nthawi, osayankhula, kenako anangolowa m'khitchini kukawiritsa mazira a pa ulendo.

Tsikulo ndinavala jekete ndi nsapato zanga za kutchalitchi, zosongoka zija, poti gaidi ayenera kuoneka. Tinachita hayala Sienta pa Njuli, ine n'kukhala kutsogolo. Maikolofoni ndinalibe koma mawu ndinali nawo. Pa Namadzi ndinalengeza kuti apa ndi pa Namadzi. Pa Thondwe ndinaloza msika n'kunena kuti uwo ndi msika. Dalaivala ankangoyang'ana msewu.

Mavuto anayamba tikulowa mu Zomba. Chakufupi ndi Cobbe Barracks pali nsanja yaitali ya njerwa, ndipo kamnyamata kaja kanafunsa kuti n'chiyani. Ndinayankha mosazengereza kuti anamanga ndi Kamuzu. M'mutu mwanga chinthu chilichonse chachikulu ndi chakale m'dziko muno anamanga ndi Kamuzu. Mtsikana uja anatsika, anakawerenga zolembedwa pamenepo, n'kubwera kudzandiuza mwaulemu kuti, "Amalume, akuti n'chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918." Ndinati eya, ndimafuna ndione ngati kusukulu kwanuko mumaphunzira kuwerenga.

Kumtunda kwa tauni, kumene misewu imakwera pansi pa mitengo ikuluikulu, Zomba amakongola mosasowa womuyankhulira. Nyumba za boma la atsamunda zikadalipo, za makonde aatali, zina zopentedwa, zina malata atachita dzimbiri. Pa nyumba ya malamulo yakale ndinapezako mpumulo, chifukwa apa ndinkadziwa kanthu: likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Mfundo imodzi imeneyi ndinainena, n'kuibwereza, n'kuinenanso tikukwera galimoto. Pa Hotel Masongola, nyumba ya nsanja zosongoka imene inamangidwa mu 1886 ndipo Harry Johnston anakhalamo, ndinati pamenepa pankagona azungu. Si bodza ayi, koma alamu ndi amene anawonjezera chaka ndi dzina, akuwerenga pa foni, motsitsa mawu kuti asandichititse manyazi. Munthu wofatsa amapweteka kuposa wolongolola.

Tinayamba kukwera. M'mbali mwa msewu amayi ankatsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndipo malo ena amene panali paini wokhaokha panali zitsa. Ana ankathamangira galimoto ndi timbale ta masitiroberi ndi mabulosi. Chizungulire changa chakale chinandipeza pa khota lomwe lija, koma ndinalimba mtima n'kumaloza kunja ngati ndikuonetsa malo, pamene ndinkafuna mphepo.

Pafupi ndi Ku Chawe pamakhala anyamata olondolera alendo. Mmodzi anatiyandikira, wochepa thupi, atavala magambutsi ndi kajuzi kong'ambika pachigongono. Anatipatsa moni mwaulemu n'kutchula mtengo wake wotifikitsa ku Williams Falls ndi ku Emperor's View. Sunali mtengo woti munthu n'kukomoka nawo. Alamu anali atayamba kale kupisa dzanja m'thumba, ine n'kuligwira.

"Iwe, ukuona ngati ndife azungu? Phiri ili ndinayamba kukwera iwe usanabadwe."

"Chabwino bambo, muyende bwino. Koma mvula yagwa usiku, njira ya m'munsiyo ikuterera."

Njira ya m'munsiyo ndi imene ndinasankha, poti sindikanalola kuti mwana andiuze poponda.

Aliyense amene anayendapo m'nkhalango ya paini mvula itagwa akudziwa kuti njira zonse zimafanana. Masamba ake aja, opyapyala, amaunjikana pansi n'kubisa matope, ndipo nsapato ya kutchalitchi sinapangidwire zimenezo. Tinadutsa m'mbali mwa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wa Zomba, madzi ake ali phee. Kenako ndinakhotera kumanja chifukwa kunkamveka madzi. Tinayenda. Tinakhoteranso. Mlongo wanga anayamba kupumira m'mwamba, chitenje atachikweza m'maondo. Kamnyamata kanafunsa ngati amalume ali ndi mapu, ndipo ndinakauza kuti mapu ndi a anthu osadziwa kwawo.

Nditaona kuti nkhope zayamba kusintha, Mulungu anandipatsa kamtsinje. Kanali kamadzi kotsika pa mwala wotalika mwina kufika m'chiuno, kakugwera pa kadziwe kamene mbuzi ingawoloke osanyowa mimba. Ndinaima, ndinatambasula manja, n'kulengeza kuti tafika, awa ndiwo Williams Falls. Panali zii. Alamu, mwa ulemu wawo uja, anati, "Ooh, ndi abwino ndithu, alamu." Anatulutsa foni, tonse tinaima kutsogolo kwa kamadziko, ine pakati, jekete nditakonza bwino. Ndinafika pofotokoza kuti chilimwe chinali chowawa, n'chifukwa chake achepa. Umu munali mu Disembala, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku.

Tili m'kati mojambulana, kumtunda kunamveka mawu. Anali mnyamata wa magambutsi uja, akutsika ndi azungu awiri amene anamutenga titamukana ife. Anatiyang'ana, anayang'ana kamadzi kaja, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi pakamwa pake.

"Bambo, mwapuma kaye? Mathithi ali kutsogoloku. Apa ndi ngalande yochotsa madzi mumsewu."

Mlongo wanga anakhala pansi pa chitsa n'kuseka mpaka misozi. Atapeza mpweya anati, "Achimwene, safunsa anadya phula." Alamu sanaseke. Anangopita pambali ndi mnyamatayo, anagwirizana, ndipo kuyambira pamenepo ine ndinali kumbuyo kwa mzere, nditanyamula jumbo ya mazira.

Williams Falls enieniwo umayamba kuwamva usanawaone. Madzi a Mulunguzi amatsika pa miyala yosanjikizana, kugwa pa sitepe ina, kufalikira, kugwanso pa ina, oyera mbee, ndipo nthunzi yake yozizira imakufika kumaso uli patali. M'mbali muli mitengo yachilengedwe yokutidwa ndi ndere, osati paini, ndipo mpweya wake umanunkhira dothi lonyowa. Ana anavula nsapato n'kulowa m'madzi akukuwa ndi kuzizira. Mnyamatayo ankawauza mwala woti aponde ndi woti aupewe. Ine anandiuzanso. Ndinaponda umene anati ndiupewe, osati mwamakani ulendo uno, koma chifukwa nsapato zinali zitasiya kundimvera. Ndinakhala pansi m'madzi, jekete ndi zonse, jumbo ya mazira ndili nayo m'mwamba. Palibe dzira limene linanyowa, ndipo ichi ndicho chokha chimene ndinachita bwino tsiku limenelo.

Ku Emperor's View tinafika nkhungu itatseka paliponse. Malowa anawatcha choncho chifukwa Haile Selassie wa ku Ethiopia anaimapo mu 1965, ndipo Queen's View, chapafupi pomwepo, ndi ya mayi a Mfumukazi Elizabeth amene anabwera mu 1957. Izi anatiuza ndi mnyamatayo. Anati kukayera munthu amaona tauni yonse pansi, nyanja ya Chilwa chakum'mawa, ndi phiri la Mulanje patali. Nyanja imene ndinalonjeza ija inali penapake m'kati mwa utsi woyerawo. Ndinayesa kubwezeretsa ulemu poloza molimba mtima kuti Chilwa ali uko. Mnyamatayo anagwira mkono wanga mofatsa n'kuusunthira kwina.

Pobwerera ankasimbira ana za Chingwe's Hole, dzenje lakuya la kumadzulo kwa phiri limene anthu amati kale ankaponyamo adani ndi odwala khate. Kenako anatembenukira kwa ine, mwina pofuna kundichotsa manyazi, n'kufunsa kumene tachokera. Nditati ku Chiradzulu, maso ake anawala.

"Kwa a Chilembwe! Ndiye ku Mbombwe mumapitako kawirikawiri, bambo?"

Ndinatsokomola. Ku Mbombwe, ku mishoni ya PIM, ndi m'boma langa lomwe, ulendo woti kabaza amakufikitsa tiyi asanazizire m'mimba. Chaka chilichonse pa 15 Januwale ndimapuma osagwira ntchito chifukwa cha John Chilembwe, ndimamvera mapemphero ake pa wailesi ndili chigonere pa mphasa. Koma phazi langa linali lisanapondeko. Ndinayankha kuti timapitako ndithu, kungoti masiku ano n'kutanganidwa.

Iye anapitiriza mosangalala, akuganiza kuti wapeza mnzake. Anakamba zoti Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoniyo. Anatikumbutsa nsanja ya asilikali ija ya m'tauni, n'kunena kuti Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo imene si yawo. Anafika pa usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene anthu ake analowa ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce amene ankazunza anthu ndi thangata. Anati boma linagumula tchalitchi chake, ndipo mishoniyo inadzatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu. Pa mfundo iliyonse ankandiyang'ana kuti ndivomereze, ndipo ine ndinkati "eetu, eetu," madzi akudontha m'jekete. Mtsikana uja ankalemba pa foni. Magomero ndi dera limene agogo athu ankalitchula pokamba za thangata, koma nkhani yake yonse ndinaimvera pamwamba pa phiri la Zomba, kwa mwana amene ndinamukana m'mawa.

Nthawi yolipira itakwana ndinaumirira kuti ndipereke ndine, mwina kuti ndigule kachidutswa ka ulemu. Ndinatulutsa ma K2,000 onyowa n'kuyamba kuwamatula limodzilimodzi. Pa lililonse panali nkhope ya Chilembwe. Mnyamatayo anawalandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuwayanika pa bondo.

Madzulo tikubwerera, ine ndili mu juzi ya alamu, ndinali nditatsimikiza kuti pakamwa panga pakhala potseka. Koma pa Namaka kamnyamata kaja kanaloza kanyumba kakang'ono ka m'mbali mwa msewu n'kufunsa kuti amalume, umo mumakhala ndani. Kanyumbako ndakhala ndikukadutsa moyo wanga wonse. Chizolowezi n'chovuta: ndinamva pakamwa panga pakuyankha pokha kuti ndi ka anthu a zamisewu, amasungiramo mafosholo. Dalaivala, amene sanayankhule tsiku lonse, anatsitsa wailesi.

"Ayi bwana, imeneyo ndi miyuziyamu ya Mtengatenga. Kale anthu onyamula makalata wapansi pakati pa Blantyre ndi Zomba ankapumira pamenepo."

Galimoto yonse inakhala chete mpaka pa Mbulumbuzi, pamene mlongo wanga anayambiranso kuseka popanda womuputa.

Chithunzi cha pa ngalande chija chili pa gulu la WhatsApp la banja lathu, ndipo msuweni wina wa ku Lilongwe, amene sadziwa nkhaniyi, analemba pansi pake kuti mathithi a ku Zomba aphwa chifukwa cha kudula mitengo. Sindinamutsutse. Alamu anaimba foni atafika ku Durban, kuthokoza chifukwa cha ulendo. Anati ana sakusiya kukamba za Chilembwe, ndipo Khirisimasi ikubwerayi akufuna akaone ku Mbombwe ndi ku Magomero. Ndinati zimenezo n'zosavuta, ndi kwathu kumeneko. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Eya alamu. Ndiye mukayambe mwafunsirako ngati kumapezeka gaidi."