Loweruka limene ndinaika Windows 8 m'kompyuta ya alamu

Ku Petauke ukatswiri sufuna satifiketi. Ukangothandiza munthu mmodzi kuchotsa pepala lokakamira mu pulinta, mawa lake wasanduka "a injiniya", ndipo dzinalo limakutsata mpaka kumaliro. Ine ndinalipeza motero. Ndinali kalaliki wamba pa ofesi ina paboma, wotayipa ndi zala zinayi, wodziwa kutsegula Facebook ndi kuika nyimbo m'foni. Anthu atayamba kunditchula injiniya sindinawaletse, ndipo m'kupita kwa nthawi ndinayamba kuwakhulupirira.

Alamu anga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, anali ndi shopu ku Nyimba, kufupi ndi msewu wa Great East, chapamene mabasi ochokera ku Lusaka amaima kuti anthu agule nthochi. M'shopumo ankatayipa makalata, kufotokopa, kujambula zithunzi za pa ziphaso ndi kuika nyimbo m'mamemori khadi. Zonsezi zinkadalira kompyuta imodzi ya salaula yokhala ndi Windows XP, pulogalamu ya mu 2001, komanso mtsikana mmodzi wotayipa amene zala zake zinkadziwa njira zonse za m'kompyutamo popanda maso kuthandiza. Ankatha kutsegula kalata ya munthu uku akukangana ndi wina za chenji. Vuto linali lakuti kompyutayo inkalandira fulashi ya aliyense wodutsa, choncho mavayirasi anamangamo mudzi. Ikati iyake, munthu unkatha kupita kukagula chitumbuwa n'kubwerako isanamalize.

Kumayambiriro kwa 2013 mnzanga wina anabwera kuchokera ku Lusaka ndi DVD yolembedwa ndi cholembera chakuda kuti Windows 8. Musandifunse kumene anaitenga. Kampani ya Microsoft inali itatulutsa pulogalamuyi pa 26 Okutobala 2012, ndipo ine ndinali nditangoiona pa zithunzi zokha, ya mabokosi owala a mitundumitundu. Ndinali ndisanaigwirepo. Pa kompyuta ya kuofesi sindikanayerekeza kuyesera, chifukwa ntchito ndinkaifunabe. Ndiye ndinaimba foni ku Nyimba.

"Alamu, kompyuta yanu ija ikudwala ukalamba. Ndibwera Loweruka ndi mankhwala ake."

Anathokoza mpaka ndinachita manyazi. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinatsika basi ku Nyimba m'mamawa, DVD ili m'thumba la malaya ngati kalata yochokera ku State House. Alamu anandigulira chakumwa chozizira, anandipatsa mpando wa mtsikana uja, iye n'kuimirira kumbuyo kwanga atapinda manja. Nditafika pa tsamba lofunsa kumene pulogalamu yatsopano ikhale, ndinaona batani la Format. Ndinkadziwa kuti kufomata kumapha mavayirasi, ndipo zimenezo n'zoona. Panatuluka kauthenga kochenjeza, koma injiniya sawerenga timauthenga pamaso pa anthu.

"Ankolo, nanga mafayilo anga?" anafunsa mtsikanayo.

"Ali bwinobwino, mwanawe. Windows imadziwa zochita."

Ndinadina.

Itamaliza, pa sikirini panabwera chithunzi chokongola ndi wotchi yaikulu. Panalibe chodina. Tinadikira, tikuganiza kuti ikadali kuganiza. Tikanadikirabe mpaka masana mwana wa alamu akanapanda kumenya kiyibodi mwangozi, chithunzicho n'kutsetserekera m'mwamba. Kenako mabokosi aja anabwera: lina la makalata a pa intaneti, lina la nyengo, lina la nkhani za misika ya ndalama, lina la sitolo yogulira mapulogalamu. Pafupifupi onse ankafuna intaneti, m'shopu mmene intaneti inkabwera ndi kamodemu kamene kankatha mayunitsi msanga kuposa mmene alamu ankaikiramo.

"Start ili kuti?" anafunsa mtsikana uja.

Funso limeneli anthu anali akufunsa kale ku London, ku Johannesburg ndi kwina konse, kungoti ine sindinkadziwa. Kuyambira pa Windows 95, aliyense wophunzira kompyuta ankauzidwa chinthu chimodzi choyamba: pita pakona ya kumanzere m'munsi, dina Start. Kwa zaka 17 batanilo linali pomwepo. Mu Windows 8 analichotsa. Apple inali itatulutsa iPad mu 2010, anthu n'kuyamba kuthamangira matabuleti. Microsoft inafuna pulogalamu imodzi yoti igwire pa tabuleti ndi pa kompyuta ya patebulo pomwe, ndipo tabuleti yake ya Surface inatuluka tsiku limodzi ndi Windows 8. Mabokosiwo anawakonzera chala chokhudza galasi. Zinthu zofunika anazibisa m'makona osalembedwa kanthu, kuti munthu azizipeza posesa ndi chala kuchokera m'mphepete. Pa tabuleti nzeruyo inali ndi mutu. Kwa munthu wa mausi zinali ngati mlendo walowa m'khitchini mwako usiku, wasamutsa mthiko, chipande ndi mchere, waziika kuseri kwa chitseko ndi padenga, m'mawa n'kukuuza kuti tsopano uziphika msanga.

Ndinapeza bokosi lolembedwa Desktop, ndinadina, ndipo tinafika pamalo ooneka ngati akale. Ndinapuma. Koma pakona paja panalibebe kanthu.

Apa n'kuti makasitomala atayamba kudzaza pakhonde. Woyamba anali mlembi wa kopaletivu ina, amene ankafuna kuwonjezera mayina awiri pa mndandanda wa alimi olandira feteleza wa FISP. Mndandandawo, anatero, uli kale m'kompyutamo kuyambira chaka chatha. Mtsikana anandiyang'ana. Ndinati tiyambe tatsegula Word. Tinafufuza m'mabokosi onse, Word kulibe. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaphunzira, ndili ndi zaka zanga zonsezi, kuti Word ndi Excel sizibwera ndi Windows, ndi katundu wina wogula payekha. Ndinauza mlembiyo kuti kompyuta ikadali kuzolowera.

Wachiwiri anabwera ndi fulashi ya zithunzi za ukwati kuti tisindikize chimodzi. Nditadina, chithunzicho chinadzaza sikirini yonse, mkwati ndi mkwatibwi akumwetulira, koma kachizindikiro ka X kotsekera kanalibe. Ndinayenda ndi mausi m'makona onse anayi. Kumanja kunkatuluka mzere wa zizindikiro zoyera n'kuthawanso ndisanaugwire. Njira yake, ndinamva pambuyo pake, inali yogwira chithunzicho pamwamba n'kuchikokera pansi, kapena kudina Alt ndi F4. Ndani akanalota zimenezo? Banja lija linakhala pa sikirini nthawi yaitali ndithu, likutimwetulira, mwini zithunzi akufunsa ngati talipiritsa kale.

Pulinta nayo inakana. CD yake ya madiraiva inali ya nthawi ya XP, ndipo Windows yatsopanoyo sinkaidziwa. Alamu, pofuna kuchepetsa manyazi anga, anati tiyese kaye filimu ya ku Nigeria tione mmene zithunzi zikuwalira. DVD inazungulira, palibe chinaoneka. Windows 8 inabwera yosatha kuonetsa mafilimu a pa DVD pokhapokha utaikamo pulogalamu ina. Alamu anachotsa filimu yawo mwakachetechete, n'kuibwezera m'chikuto.

Ndinaganiza zoizimitsa kuti iyambirenso, mankhwala amene injiniya aliyense amawadziwa. Koma pozimitsira napo panali patasamuka. Kale unkadina Start, n'kudina Turn Off. Tsopano unkayenera kukankhira mausi pakona ya kumanja, kudikira mzere wothawathawa uja, kusankha Settings, kenako Power, kenako Shut down. Ine ndinatuluka thukuta, ndinagwada pansi pa tebulo ngati ndikuyang'ana mawaya, n'kuzula pulagi.

"Malaiti apita?" anafunsa alamu, akuyang'ana babu loyaka pamwamba pa mutu wawo.

Itayakanso, mtsikana uja anandilanda mausi osapempha. Anafufuza yekha mpaka anapeza foda ya Documents. Munali mbee. Anatsegula ya zithunzi, ya nyimbo, chimodzimodzi. Sanalire ndipo sanakweze mawu. Anangoti, "Ankolo, ngongole."

Alamu ankakongoza. Aphunzitsi ankasindikiza mayeso n'kudzalipira kumapeto kwa mwezi, mipingo inkatenga mapulogalamu a misonkhano, makomiti a maukwati ankatenga makadi, ena ankangofotokopa n'kunena kuti lembani. Kwa zaka zambiri zonsezi zinkalembedwa m'kope. Koma pa 1 Januwale 2013 dziko linasintha ndalama, linachotsa maziro atatu, K5,000 n'kukhala K5, ngwee n'kubweranso m'matumba. Pofuna kupewa chisokonezo, mtsikanayo anakhala pansi mu Januwale momwemo, nasamutsira ngongole zonse mu Excel, dzina ndi dzina, ndalama yakale mbali iyi, yatsopano mbali inayo. Alamu ananyadira kwambiri ntchitoyo moti kope lija analipereka kunyumba kuti azikolezera mbaula.

Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndinanena kuti zonse zili m'kati, zangobisika, ndipo chofunika ndi madiraiva amene ndinawasiya ku Petauke. Ndinakwera basi yoyamba imene inaima. Tisanafike pa Minga ndinali nditazimitsa foni.

Makilomita pafupifupi 70 a pakati pa Nyimba ndi Petauke ndi ochepa kwambiri kwa munthu amene akukonza bodza. Ndinapeza mayi a kunyumba atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo. Sanandifunse za ulendo. Anangoti, "Mwabwerako, a injiniya? Madiraiva anuwo muwatenge, mawa mubwerere."

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wokonza mafoni pa kantemba kena mumsika wa Petauke, wamng'ono moti ndikanatha kumubereka. Kompyuta ndinakaitenga ndekha, n'kuinyamula pamiyendo mu minibasi, alamu osandilankhula kupatula kundiuza kuti ndisamale mawaya. Mnyamatayo anamvetsera nkhani yanga yonse, mbali zimene ndinasankha kumuuza, ndipo anafunsa funso limodzi: "Bakapu munapanga, mudala?" Nditakhala chete anapukusa mutu.

Anandifotokozera kuti kufomata sikufufuta mafayilo nthawi yomweyo. Kumangochotsa mndandanda wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, malowo n'kuoneka ngati opanda mwini. Munthu akasiya pomwepo, zambiri zimatha kubwezedwa. Koma ine ndinali nditathira Windows yatsopano pamwamba pake, ndipo paliponse pamene inakhala inapondereza zakale. Anachotsa hadi disiki, anailumikiza ku laputopu yake, naisiya usiku wonse ikufufuzidwa. Zimene zinabwerera: nyimbo zambirimbiri, nkhope za anthu a ku Nyimba za pa ziphaso zopanda mayina, ndi makalata ena oduka pakati. Fayilo ya ngongole inapezeka ndithu, ndipo mtima wanga unadumpha. Itatsegulidwa munali zizindikiro zosawerengeka zokhazokha.

Anandiuzanso kuti pali kapulogalamu kaulere kotchedwa Classic Shell kamene anthu ambiri ankaika mu Windows 8 kuti Start ibwerere, ndipo akhoza kundiikira. Ndinamupempha kuti asatchulenso nambala 8. Anaikamo Windows 7 ya mu 2009, Word, Excel ndi madiraiva a pulinta. Ndinalipira ndi ndalama zimene tinkasungira malata.

Nkhani inali itafika kale paliponse ku Nyimba. Anthu amene kale ankadutsa kuseri kwa shopu anayamba kudutsa kutsogolo, ena mpaka kulowa kudzapereka moni. Alamu akawakumbutsa, yankho linali limodzi: "Ndinalipira kale, onani m'kompyutamo." Mtsikana uja anakumbukira mayina ambiri pamtima, koma dzina lopanda nambala silikhala umboni. Mpingo wina unabweretsa zake zonse osafunsidwa. Gogo wina anabwera ndi makobidi omanga pansalu kudzalipira fotokope imene aliyense anali ataiwala. Otsalawo anangoti zii, ndipo bambo wina amene sindinkamudziwa anandigwira chanza ndi manja awiri pa siteji ya basi, n'kundigulira phava la nthochi.

Pamene banja linakhala pansi kukambirana za mlanduwu, ndinabwera ndi umboni wanga. Ndinanena kuti si ine ndekha amene ndinasokonezeka. Steven Sinofsky, mkulu amene ankatsogolera ntchito ya Windows, anachoka ku Microsoft mu Novembala 2012, pasanathe mwezi chitulukire Windows 8. Makampani ambiri anakana kuiika m'maofesi mwawo, anakakamira Windows 7. Zimene zinachitika pambuyo pake zinandivomereza: mu Okutobala 2013 anatulutsa Windows 8.1 yokhala ndi batani la Start, ngakhale kuti ukalidina linkakubwezera ku mabokosi omwe aja, ndipo mu Julayi 2015 Windows 10 inabwezeretsa mndandanda wa Start weniweni. Nambala 9 anaidumpha. Mpaka lero ndimati amene anachotsa batanilo sanaganizire munthu wotayipa makalata a anthu tsiku lonse, mzere uli pakhomo. Kompyuta inkayaka msanga, zimenezo sindikana, koma phindu lake n'chiyani ukafika msanga pamalo pamene sukudziwa khomo?

Mayi a kunyumba anadikira ndimalize. "Kodi a Sinofsky anuwo ndi amene anakwera basi kupita ku Nyimba?"

Anagamula kuti ndizipereka kenakake mwezi uliwonse mpaka alamu anene okha kuti zakwana. Alamu ndi munthu wabwino, koma pa nkhani imeneyi sanafulumire.

Shopu ilipobe, kompyuta ndi ina, ndipo pambali pake pali kope lachikuto cholimba limene palibe amaloledwa kulitulutsa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11, imene yasunthira Start pakati, imakana makompyuta akale opanda kachipangizo kotchedwa TPM 2.0. Ndinayesa kuwatchulira alamu zimenezi pa maliro ena. Anasuntha foni yawo kuichotsa m'thumba la mbali yanga n'kuiika la mbali inayo.

Tsono inu a ku Nyimba amene munasindikiza mayeso, makadi a ukwati kapena makalata ofunsira ntchito pangongole chakumayambiriro kwa 2013, mukudzidziwa. Pitani mukalipire. Chotsani maziro atatu, alamu sawerengera chiwongoladzanja.