Mayina Anayi, Mkamwini Mmodzi

(Ndi Loweruka masana ku Ndirande. Agogo akhala pamphasa pakhonde, akusadzula nkhwani. Mdzukulu wawo, wophunzira ku MUBAS amene amakhala ndi makolo ake ku Namiwawa, wakhala pampando, laputopu ili pamiyendo.)

AGOGO: Amuna anga abwera! Miyezi yonseyi osaoneka, ndimayesa mwakwatira kwina. Shuga wanga ali kuti?

MDZUKULU: Ali m'jumbomo, agogo, pamodzi ndi buledi. Koma lero ndabwera ndi nkhani yaikulu. Ndikulemba mbiri ya makolo athu, ndipo ndatulukira zinthu zoti ngakhale inuyo simuzidziwa.

AGOGO: Ine osazidziwa? Chabwino, yankhula ndimve, manja angawa sakutseka makutu.

MDZUKULU: Ndinayambira ku Bangwe kwa amalume. Anandilola kutsegula sutikesi yachitsulo ija, ndipo muli mapepala akale ambirimbiri. Kenako ndinapita kumishoni ku HHI kukaona mabuku a ubatizo. Ndakhalanso masiku angapo ku Mandala, m'laibulale ya Society of Malawi. Mukudziwa kuti nyumba ija inamangidwa mu 1882?

AGOGO: Ndikuidziwa. Ndinkagulitsa nthochi kunja kwake. Sindinkadziwa kuti m'kati mwake asungamo abale anga.

MDZUKULU: Tsono imvani. Bambo anu sanabadwe okha. Anali anayi, amuna okhaokha. Taonani, aliyense ndamuika m'bokosi lake. Woyamba ndi James, anabatizidwa kumishoni. Wachiwiri ndi Sixpence, ankagwira ntchito pakampani ya fodya ya Imperial ku Limbe. Wachitatu ndi Private Alufeyo, msilikali wa King's African Rifles. Wachinayi ndi Wyson, anapita ku Joni kudzera ku Wenela. Atatuwa anathera kuti? Bwanji simunatiuzepo?

AGOGO: (Aika lichero pansi, akuseka mpaka kutsokomola.) Mayo ine! Tandipatsa madzi ndingafe.

MDZUKULU: Chaseketsa n'chiyani?

AGOGO: Amayi anga anavutika ndi mwamuna mmodzi, iwe ukuwapatsa anayi? Onsewo ndi munthu mmodzi, mwana iwe. Ndi bambo anga.

MDZUKULU: Sizingatheke. Zaka zobadwira ndi zosiyana. James analembedwa kuti anabadwa cha m'ma 1920. Wyson ndi wa 1924.

AGOGO: Ndipo onse awiriwo akunama. Bambo anga anabadwa mfuti zikulira ku Mbombwe, asilikali akusaka anthu a Chilembwe m'mapiri a ku Chiradzulu. Amayi awo anachirira kutchire.

MDZUKULU: Ndiye kuti ndi 1915. Nkhondo ya Chilembwe inayamba pa 23 January. Koma pulogalamu ya palaputopuyi ikufuna tsiku ndi mwezi.

AGOGO: Lemba kuti chimanga chitayamba kumasula.

MDZUKULU: Palibe malo olembapo zimenezo.

AGOGO: Ndiye makina akowo sanalimepo.

MDZUKULU: Chabwino, nanga zaka zisanu zinasowa bwanji m'buku la tchalitchi?

AGOGO: Msonkho. Mnyamata akangomera ndevu, amesenjala a bwana DC anali pakhomo. Tsono bambo ankameta m'mawa uliwonse ndi chidutswa cha botolo, n'kumauza aphunzitsi kuti akadali mwana. Anali wamfupi, zinawayendera. Dzina la Jemusi anawapatsa ndi abusa, poti lakwawo ankati likununkha mizimu.

MDZUKULU: Ananama m'tchalitchi?

AGOGO: Sananame. Mzungu anawayang'ana kutalika, n'kulemba zimene anaganiza. Iwo anangokhala chete. Ngakhale ineyo, muja tinkajambulitsa ziphaso za unzika mu 2017, mnyamata wolemba anandifunsa tsiku lobadwa. Ndinamuuza kuti njala ya 49 inandipeza ndikutha kusenza ndowa yaing'ono. Anawerenga zala, n'kundipatsa tsiku. Mpaka lero mumandigulira keke pa tsiku limenelo, ine ndimangodya.

MDZUKULU: Agogo! Ndiye kuti zaka zonsezi...

AGOGO: Keke ilibe mlandu. Pitiriza.

MDZUKULU: Nanga Sixpence?

AGOGO: Sikisipensi linali la kuntchito. Ku Limbe kunali anthu ochuluka, Alomwe, Ayao, Amang'anja, onse kusankha fodya. Pamzere wawo a Jemusi analipo atatu. Kapitawo anati sangamaitane mmodzi n'kubwera atatu, ndiye anawagawira mayina. Wina anakhala Foloko, wina Machesi. Bambo anachita mwayi, anawapatsa la ndalama. Ndi ndalama yokhayo imene anakhala nayo nthawi yaitali.

MDZUKULU: (Akufufuta bokosi limodzi.) Koma msilikaliyu ndisiyireni. Ndinawerenga kuti asilikali a ku Nyasaland anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944, anadutsa chigwa cha Kabaw mvula ikugwa usana ndi usiku. Anzanga onse ndawauza kale kuti ndine mdzukulu wa ngwazi.

AGOGO: Ku Burma anapitadi. Alufeyo linali dzina la malume awo. Anyakwawa atauzidwa kuti apereke amuna, anatchula malumewo. Koma iwo anali atavutika kale pa nkhondo ya Chiwaya, ija yoyamba, ngati mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali mpaka mapewa kuchita zipsera. Anati kachiwiri ayi. Bambo anati, amalume khalani, dzina lanulo ndibwerekeni.

MDZUKULU: Mwaona! Umenewo ndi ungwazi.

AGOGO: Analinso ndi ngongole ku Limbe.

MDZUKULU: Aaa, agogo.

AGOGO: Zonse ziwiri n'zoona, lemba zonse. Ndipo kunkhondoko ntchito yawo inali kuphika. Usakwinye nkhope. Ukuganiza kuti anthu owombera mfutiwo ankadya zipolopolo? Ankati kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, uku Ajapani akuyang'ana komwe kukufuka utsi, inali nkhondo payokha. Anabwerako ndi chijasi, malungo, ndi khalidwe lofuna mpunga tsiku lililonse. Amayi ankawafunsa kuti kodi ku Lunzu kuno waonako dambo la mpunga?

MDZUKULU: Ndiye watsala Wyson.

AGOGO: Ameneyo ndiye wa njala. Mu 1949 mvula inadula, chimanga chinauma chili chiimire. Tinkadya mizu ndi gaga, ndipo amayi ankayenda mpaka ku Neno ndi ku Mwanza kukasuma. Amuna ambiri ankati akukafuna chakudya, osabwereranso.

MDZUKULU: Ndinaziona m'buku la Megan Vaughan, la mu 1987. Analemba za njala imeneyo m'boma la Blantyre lomwe lino, ndipo anafunsa amayi ambiri.

AGOGO: Anachita bwino kufunsa amayi. Amuna akanamuuza chiyani, poti kunalibe? Bambo anayamba apirira, koma njala itatha munalibe kanthu m'nyumba. Anapita pa Wenela, pomwe pano mumakwererapo mabasi paja. Dokotala wa pamenepo anawakana, akuti chifuwa. Tsono panali mnzawo wina amene anapimidwa n'kupambana, koma usiku womwewo mkazi wake anamugwira mwendo. Chitupa chinatsala chopanda mwini. Bambo anachitola.

MDZUKULU: Koma umenewo ndi mlandu!

AGOGO: Kawamange. Ali kumanda a ku Lunzu, pafupi ndi mtengo wa mango.

MDZUKULU: Anakhalako nthawi yaitali bwanji?

AGOGO: Anapita, anabwera, anapitanso. Ife tinkaopa kuti atchona ngati ena. Atakalamba ndi pamene anakhazikika, akutchula aliyense kuti "madala" ndiponso kudandaula kuti buledi wa kuno ndi wopepuka. Pamene Kamuzu analetsa Wenela mu 1974, ndege ija itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70, iwo anali atasiya kale. Analira tsiku lonse. Ankati ena mwa anyamatawo mwina makolo awo sadzadziwa n'komwe, chifukwa si Wyson yekha amene anayenda ndi dzina la mnzake.

MDZUKULU: (Akhala chete pang'ono, kenako alemba.) Ndiye mabokosi anayi asanduka limodzi. Ntchito ya mwezi wathunthu.

AGOGO: Tabweretsa kuno ndione. Magalasi anga ali pawindopo. Eya. Nanga amayi anga ali pati?

MDZUKULU: Ndi awa, pambalipa. Ndangolemba kuti "mkazi wake". Dzina lawo silikupezeka papepala lililonse.

AGOGO: Pambali? Mwini mudzi wamuika pambali, mkamwini wamuika pamwamba?

MDZUKULU: Pulogalamuyi imayambira kwa bambo.

AGOGO: Anaipanga ndani, Mngoni wa ku Mzimba? Ife kuno mwana ndi wa kwa mayi ake. Bambo anga anabwera ku Lunzu ndi mphasa ndi khasu basi. Munda unali wa amayi, nkhokwe ya amayi, ana a amayi. Akalakwitsa, amalume ankangowaonetsa njira imene anadzera. Iweyo ndiwe mwana wa mwana wanga wamkazi, ndiwe wa mbumba yathu. Dzina la bambo ako lili pa satifiketi yako ya sukululo ndi la pamapepala chabe. Ukadzafuna malo olima, ukapite nalo kwawoko ukaone ngati akakupatse.

MDZUKULU: Koma bwanji amayi anu sanalembedwe paliponse?

AGOGO: Akanawalemba ndani? Kalaliki ankalemba munthu amene akufuna kumudula msonkho, kumutuma ntchito kapena kumupatsa mfuti. Amayi sanapite ku Joni, sanapite ku Burma. Anangotisunga amoyo anthu asanu ndi awiri chaka cha njala. Zimenezo zinalibe fomu.

MDZUKULU: Ndi zoona, nthawi ya atsamunda lamulo lokakamiza kulembetsa ana obadwa linkakhudza azungu ndi amwenye. Kwa ife tonse linayamba kugwira ntchito mu 2015.

AGOGO: Waona? Ndiye tsegula bokosi lina, lalikulu. Lemba Nambewe. Amayi awo Nambewe, agogo awonso Nambewe.

MDZUKULU: Onse dzina limodzi? Kompyuta iganiza kuti ndi munthu mmodzi.

AGOGO: Munthu mmodzi inamuyesa anayi, anthu atatu iwayesa mmodzi. Munagula ndalama zingati chinthu chimenechi?

MDZUKULU: Musiye laputopu yanga. Lolemba ndikupita ku Zomba, ku National Archives. Kumeneko kuli mabuku a ma DC, makalata a boma, ngakhale mabuku a milandu ya kukhoti. Akhala akusunga kuyambira 1947.

AGOGO: A milandu?

MDZUKULU: Eya. Bwanji mwasiya kusadzula?

AGOGO: Palibe. Ndimangoti Zomba ndi kutali, minibasi zakwera mtengo. Bwanji ndalamayo osandigulira mafuta ophikira?

MDZUKULU: Agogo, mukubisa chiyani?

AGOGO: Ukakafika, za msonkho uone, za asilikali uone, ukajambulitsenso pa chipilala chawo chija. Koma ukapeza buku la khoti la chaka chimene Kwini anavekedwa ufumu, ulidumphe.

MDZUKULU: 1953? Muli chiyani?

AGOGO: Dzina lachisanu.

MDZUKULU: Lachisanu! Linali ndani?

AGOGO: Tsitsa mawu, makoma a ku Ndirande ndi opyapyala. Inali nkhani ya mbuzi. Iwo mpaka kufa ankati mbuziyo inawatsatira yokha kuchokera ku Chilomoni, ndipo anaiphika poopa kuti ingasochere.

MDZUKULU: Zimenezi ndiye zofunika kulowa m'mbiri! Papita zaka zoposa 70, angadandaule ndani?

AGOGO: Eni mbuzi akadali ku Chilomoni komweko, kuseri kwa tchalitchi cha Katolika. Kamtsikana kaja unabwera nako pa Khirisimasi, koyankhula Chingerezi cha m'mphuno, unati kwawo ndi kuti?

MDZUKULU: Ku Chilo... Ayi. Ayi, agogo.

AGOGO: Agogo ake ndimakumana nawo kumaliro, ndipo akandiona amalira ngati mbuzi. Tsiku la chinkhoswe udzauze amalume ako apite ndi ziwiri.