Kuno Sitiba, Timangotola

Ambulera yanga inatsala m'minibasi mwezi wa Januwale, mvula ili pachimake. Ndinakwera nayo ku Lusaka, pa Chilanga ndinali nayo, ndipo podutsa pageti ya msonkho pa Shimabala ndinali nditaitsamira, ndikusinza. Potsika pa Kafue ine ndi kondakitala tinakokanakokana pa nkhani ya chenji. Mlanduwo ndinapambana. Ndinafika ku Nangongwe nditanyowa ngati nkhuku, K2 yanga ili m'manja.

Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ambulera mwataya kuti?" Ndinawawongola msanga kuti sindinataye ayi, yasowa. Mawu awiriwa timawasamala kuno. Kutaya n'kwa ana ndi oledzera. Chinthu cha munthu wamkulu chimasowa chokha, ngati chamera miyendo. Tsidya linalo ulemu ndi womwewo: palibe amene amaba, anthu amangotola. Munthu angathe kutola chikwama m'thumba la buluku lako iwe uli chiimire pamsika ukutsitsa mtengo wa nsomba. Ukamugwira dzanja, mawu ena alipo kale pamlomo: "Ndimati ndikusungireni."

Foni ili ndi mwambo wakewake. Ukangoyamba kudzisisita m'matumba, anthu khumi akuzungulira kale, ndipo onse funso lawo ndi limodzi: "Munaiika pati?" Wina amakubwereka yake kuti uimbe, atakuchenjeza kaye kuti thokotaimu yatsala pang'ono. Koyamba imalira. Kachiwiri imalira kamodzi n'kudulidwa. Kachitatu amayankha ndi mayi uja wa kukampani ya mafoni, ndi Chingerezi chake chaulemu, ndipo khamu lonse limapukusa mitu ngati lamva uthenga wa maliro. "Yapita." Kenaka amakutonthoza mmodzimmodzi, aliyense pokusimbira za foni yake imene inasowa, yomwe inali yodula kuposa yako.

Nthawi zina wotolayo amayankha. Akayamba ndi kunena kuti, "Bwana, muli ndi mwayi, yatoledwa ndi munthu wopemphera," dziwa kuti mtengo wakwera. Ndalama satchula, ndi munthu woleredwa bwino. Amangoti ali ku Shikoswe, dzuwa likuotcha, wayenda mtunda, mwina mungamuganizireko ka dirinki. Dirinki imeneyi sindinaipezebe m'kantemba kalikonse, chifukwa botolo lake limodzi limagula nkhuku.

Chimene chimabwerera kwa mwini wake mosavuta ndi chimene palibe angachigulitse. Chitupa chobiriwira chija, NRC, chimene timachitcha kuti reji, chikagwa mumsewu chimatoledwa ndi mtima woyera kotheratu. Mawa lake uchipeza atachimata pazenera la kanyumba ka Airtel Money, pamodzi ndi zinzake zitatu, zikuwauka ndi dzuwa. Vuto lake n'lakuti reji munthu amatenga ali ndi zaka 16, ndipo chithunzi chake sichikalamba nawe. Bambo wa mimba yake, wadazi, dikoni kutchalitchi, amapezeka atapachikidwa poyera ali kamnyamata ka khosi lalitali ndi makutu otambalala, Nangongwe yonse ikuima n'kumaonerera. Ena amati bola kukatenga lipoti kupolisi n'kukayamba mizere ya reji yatsopano kusiyana n'kukaima pamenepo n'kuvomera kuti ndine.

Musatiseke kwambiri, kusowetsa zinthu tinaphunzira kwa akuluakulu. Tauni ino inamangidwa ndi mafakitale: Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo Kafue Textiles inkaveka dziko chitenje. Fakitale ya nsaluyo inadzatseka, ntchito zinasowa, ife tinalowa m'salaula, ndipo mpaka lero palibe waimba foni kuti wazitola. Pa 1 Januwale 2013 kwacha inasowetsa maziro atatu usiku umodzi, wopita kupolisi panalibe. Chimene chakhala pamalo pake ndi mlatho wa njanji pa mtsinje wa Kafue, kuyambira 1906, ndipo ndikuganiza kuti chaupulumutsa ndi kulemera.

Akatswiri enieni pa nkhaniyi ndi azimayi, ndipo sukulu yawo ndi pamaliro. Mbale ikachoka panyumba kupita kusiwa imakhala yatsanzika. N'chifukwa chake mbale iliyonse kunsi kwake kuli chizindikiro cha penti wa m'zikhadabo: kamtanda kofiira, timadontho tiwiri, chilembo choyamba cha dzina la mwana. Maliro akatha pamakhala bwalo la milandu kuseri kwa nyumba. "Amake mwana, supuni iyi siyanga kodi?" "Iii, mwina zangofanana." Supuni zonse za m'Zambia zimafanana, ndiye mlandu umathera pomwepo, koma umakumbukiridwa zaka khumi. Za patapata wosiyidwa pakhomo ndisanene zambiri. Umabwera ndi watsopano, umabwerera ndi wa phazi limodzi wabuluu, linalo wofiira, onse akumanzere.

Ambulera ija ndinaiona mu Malichi. Ndinaizindikira patali: nthiti imodzi yothyoka imene ndinaimanga ndekha ndi waya, ndi chigwiriro chopserera pa mbaula. Anaifunda ndi alamu anga, akuchokera kutchalitchi, akuyenda mwachifatse ngati anabadwa nayo.

"Alamu, ambulera yabwino."

"Yolimba zedi. Ndinagula kwa mnyamata wina pasiteshoni, K30 yokha."

Ndinaiyang'ana, nayo inandiyang'ana. Mlamu sumufunsa za katundu pamsewu, makamaka mlamu amene unamukongola ndalama za lendi mu Disembala. Ndinangoyamikira kuti ali ndi diso logula zinthu.

Sabata yathayi kunachita mdima chakumadzulo ndili kwawo, ndipo mvula inayamba kuwaza. Alamu analowa m'nyumba, natuluka nayo, nandipatsa ndi manja awiri. Ndili pageti anandiitananso.

"Koma mubweze mawa, alamu. Inu mumataya zinthu."