Mame Akachuluka Asanduka Chigumula

Ife ana a kumapiri a Dedza, amene madzi timawadziwa ali m'ndowa kapena akugwa kuchokera kumwamba, tidaleredwa m'chiphunzitso chakuti madzi opitirira m'mawondo ndi a ng'ona ndi asodzi. Kotero pamene mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za unsembe ku Rome, adandiuza kuti sikuyenera munthu wamkulu kufika ku Italy ndi kubwerera kwawo asanaone Venice, ndidavomera mokweza mawu, monga achitira munthu wosadziwa chimene akuvomera.

Sitima ya pamtunda idatiolotsa pa mlatho wa makilomita pafupifupi 4, madzi uku madzi uko, ndipo potuluka pa siteshoni ya Santa Lucia, pamene munthu woleredwa bwino ayembekeza kuponda msewu, ndidapeza mtsinje. "Malume, msewu waukulu ndi womwewu, dzina lake Canal Grande," adatero mnyamatayo. Mumzindamo mulibe galimoto, njinga siiloledwa; basi ndi boti, ambulansi ndi boti, otola zinyalala ali pa boti, ndipo ngakhale maliro amaoloka pa boti kunka ku chilumba cha manda cha San Michele. Pakumva ichi ndidamlangiza mwanayo kuti Mwini moyo akandiitanira komweko asalole kuti andikweze chombo ndili chigonere, pakuti womwalira sangathe kugwiritsa.

Chimene chidandisautsa mtima koposa ndicho maziko a mzindawo. Makolo a eni mzindawo, pothawa nkhondo za mitundu imene idalowa m'dziko ufumu wa Aroma utagwa, adabisala m'madambo a m'mphepete mwa nyanja, pa tizilumba toposa 100; ndipo posowa thanthwe lomangapo, adakhoma mitengo yothithikana m'matope, nayala matabwa ndi miyala pamwamba pake, namangapo matchalitchi ndi nyumba zachifumu, zimene lero zilumikizidwa ndi milatho yoposa 400. Mitengoyo siiwola, chifukwa m'matope a pansi pa madzi mpweya sufikamo. Tsono ine, amene kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwopseza a Mphakati wathu ndi fanizo lija la womanga pathanthwe ndi womanga pamchenga, ndidaima kakasi kuyang'ana nyumba za pamatope zimene zaona mibadwo yosawerengeka, pamene mpanda wanga wa njerwa, womangidwa pa mwala weniweni wa ku Dedza, ine mwini ndikuyang'anira ndi kulangiza amisiri, umagwada chaka ndi chaka mvula ya Januwale ikangotsokomola. Mnyamata uja adati fanizolo silinena za simenti. Ndidamuyankha kuti ayambe wadzozedwa ndipo adzandiphunzitse.

M'tchalitchi chachikulu cha Marko Woyera, chimene denga lake linyezimira ndi timiyala ta golide, ndidamva nkhani yondichititsa kugwira pakamwa. Mbiri yawo imati m'chaka cha 828 amalonda awiri a ku Venice adatenga mtembo wa Mlalikiyo ku Alexandria m'dziko la Egypt, naubisa pansi pa nyama ya nkhumba kuti alonda a padoko, amene adali Asilamu, asayandikireko. Ndipo m'malo mochita manyazi, adzukulu awo adajambula nkhani yonseyo pakhomo pa tchalitchi. Pamwamba pa khomolo paimanso akavalo anayi, zifaniziro za akavalo amkuwa amene asungidwa m'katimo, omwe adalandidwa ku Constantinople mu 1204. Napoleon, atathetsa boma la Venice mu 1797, adawanyamula kunka nawo ku Paris, eni ake atsopanowo nalira kuti aberedwa kufikira adabwezedwa mu 1815. Ndidafunsa wansembe wam'tsogoloyo ngati kuba woyera mtima kuli tchimo loyenera kulapa, koma iye adati phunziro limenelo sadafikepo.

Za gondola, bwato lakuda lopalasidwa ndi munthu woimirira ndi nkhafi imodzi, ndinena mwachidule. Pokumbukira kuti safunsa adadya phula, ndidafunsa mtengo. Ndipo nditamva kuti theka la ola lidya ma euro osachepera 80, ndidazindikira mwadzidzidzi kuti ulendo wotere ndi wa achinyamata otomerana, wosayenera munthu wa banja lake. Tidakwera traghetto, bwato lofanana nalo limene liolotsa anthu pafupi ndi msika wa Rialto pa ma euro awiri okha. Eni mzinda amaoloka chiimire, wina atanyamula nsomba, wina akulankhula pa foni. Ine, pofuna kulimbitsa chombo kuti anthu a Mulunguwo asamire, ndidakhala pansi penipeni, manja onse awiri atagwira mwendo wa bambo wina wosamdziwa, amene adandiyang'ana mwachifundo osanena kanthu. Kudzipereka kotere sikuyamikidwa kawirikawiri.

Madzi ndiwo mdani wakale wa eni mzindawo. Mu 1966 adakwera masentimita 194, mu 2019 adafika 187, nalowa mpaka m'tchalitchi. Ndipo kuyambira 2020 pali zitseko zazikulu zachitsulo zotchedwa MOSE, zimene zimadzuka pansi pa nyanja kutsekereza mafunde, kotero kuti Mose wachiwiriyu agawanso nyanja, koma ndi magetsi. Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 1951 pakati pa mzindawu padali anthu pafupifupi 175,000. Pofika 2022 adatsala osakwana 50,000, chifukwa nyumba zasanduka zogona alendo, lendi yakwera, ndipo masitolo a zakudya akusanduka ogulitsa zinyawu za chikondwerero cha Carnevale ndi tizigalasi. Kuyambira 2024, pa masiku ena otanganidwa, mlendo wongobwera m'mawa ndi kuchoka madzulo amalipira ma euro asanu kapena kuposapo kuti alowe.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma akuluakuluwo sadaone mame obwera mamiliyoni chaka chilichonse, ena pa sitima, ena pa ndege, onse ataima pa mlatho umodzi kudzijambula. Chimene nyanja idalephera m'zaka zoposa 1,000, ndicho kusamutsa eni mudzi, ife alendo tikuchikwanitsa m'moyo wa munthu mmodzi. Ndipo ine, amene kunyumba kwanga ngakhale nkhuku sizindiopa, ndidamva kukoma pang'ono pozindikira kuti kwinakwake padziko lapansi ndiwerengedwa pamodzi ndi masoka achilengedwe. Chifukwa cha chisoni changa pa anthuwo ndidadya buledi wanga wa m'thumba ndili chiimire, ndidakwera sitima ya madzulo, ndi kuupatsa mzindawo mpumulo. Koma kufikira lero a meya sadandilembere kalata yothokoza.