Namapopa wa masiku 12

Pa nkhani yolonjeza ntchito mothamanga, Ataliyana nawo sachepa. Mu 1956, wopanga mafilimu Riccardo Freda anabetcha ndi eni ndalama kuti ajambula filimu yoopsa ya anamapopa, I Vampiri, m'masiku 12 okha. Nkhani yake imachitikira ku Paris, koma ntchitoyo inagwiridwira ku Rome.

Atatha masiku 10, filimu isanaoneke mutu wake, Freda anakangana ndi mabwanawo n'kunyanyala. Chimtolo chinagwera wogwira kamera, Mario Bava, yemwe anasokanso nkhaniyo n'kuimaliza m'masiku awiri otsalawo. Wobetcha anali wina, wokhetsa thukuta wina.

Namapopa wakeyo saluma n'komwe pakhosi. Ndi gogo wachuma wokana kukalamba, ndipo magazi a atsikana amachita kumuthira dokotala. Pofuna kuti Gianna Maria Canale, yemwe ankasewera gogoyo, akalambe anthu akuona, Bava anamulemba makwinya ndi utoto womwe subisika pokhapokha magetsi akhale a mtundu womwewo. Akasintha magetsi, makwinya mbee! Poti filimuyo inali yopanda mitundu, chinyengocho palibe anachitulukira.

Itatuluka mu 1957, ndalama sizinabwere. Freda ankati Ataliyana akaona dzina la mnzawo pachikwangwani ankabwerera pakhomo, osakhulupirira kuti wakwawo angawaopseze. Mankhwala ake anapezeka osavuta: pa mafilimu oopsa otsatira anadzitcha Robert Hampton, mwana wa ku Italy yemweyo, ndipo anthu anayamba kulipira kuti akanjenjemere.